Hilux ya 22R ya ku Dedza: camshaft, ma rocker ndi mavalavu

Galimoto yake ndi Toyota Hilux ya petulo, 2.4, ya injini ya 22R yokhala ndi kabureta, imodzi mwa zija zinkamangidwa ku Prospecton ku Durban n'kumalowa kuno m'zaka za m'ma 1990. Mwini wake ndi bambo wachikulire wa ku Dedza. Ntchito ya galimotoyi ndi imodzi chaka chonse: kutsika ndi kachewere ndi kabichi kupita ku Golomoti ndi ku Mtakataka, n'kukwera ndi mpunga ndi nsomba zouma kudzera pa Khwekhwerere. Amene anayendapo msewu umenewu akudziwa kuti injini yofooka singabisale pamenepo. Umanyamuka kumunsi cha kunyanja, pamtunda wa mamita pafupifupi 500, n'kukathera kumtunda kopitirira mamita 1,500, msewu uli wokhotakhota, katundu ali tho kumbuyo.

Anafika pa galaja pathu ku Biwi ali ndi mwana wawo wamwamuna, amene ndiye amayendetsa masiku ano. Madandaulo anali atatu. Phokoso la matapeti akakonzetsa limatha, koma pasanathe milungu iwiri layambanso. Malo amene kale ankakwera pa giya thu, tsopano ankachita kulowa wani, nthawi zina mpaka kutsitsako matumba. Ndiye utsi wabuluu m'mawa akangoliza, komanso akaponda mafuta atamaliza kutsetsereka mtunda wautali.

Mnyamatayo anali ndi yankho lake kale. Anandionetsa pa foni camshaft ya galimoto za mpikisano, yolembedwa madigiri 290.

"Achimwene, tikufuna iyi. Akuti galimoto imachita kuuluka."

Ndinatembenukira kwa bambo ake. "Bambo, ikadzaza galimotoyi mumathamanga nayo bwanji?"

"Aa, a makaniko, ife n'zothamanga ayi. Ingokwera phiri basi, ndipo isandithere petulo."

Ndinawauza kuti sitiyitanitsa kalikonse tisanatsegule.

Zimene tinapeza

Tinayamba ndi compression, kuyeza mphamvu imene silinda iliyonse imapanikizira mpweya, injini ili yotentha. Buku la Toyota limati 22R yabwino izipereka 12 kg/cm², isatsike pansi pa 10, ndipo masilinda asasiyane kupitirira 1. Masilinda atatu anali pakati pa 10.5 ndi 11. Silinda nambala 3 inaima pa 8. Titathira oyilo pang'ono pabowo la pulagi n'kuyezanso, singano sinasunthe kwenikweni. Akanakhala maring'i, oyiloyo akanatseka mpata kwa kanthawi ndipo nambala ikanakwera. Vuto linali kumtunda kwa injini, ku hedi.

Kwa amene sanatsegulepo 22R: camshaft yake ndi imodzi, ili pamwamba pa hedi ya aluminium, ndipo imazungulira pa chitsulo cha hediyo popanda ma bearing ochotseka. Ma rocker ndi 8, ali pa mashafti awiri. Mbali imodzi ya rocker ili ndi kachitsulo kolimba kamene kamakhuzana ndi lobe, kalinunda kaja ka pa camshaft, ndipo mbali inayo ili ndi sikuluwu ndi nati zimene timachunira mpata wa valavu. Camshaft imakokedwa ndi tcheni, ndipo kumaso kwake ndi kumene kumayendetsa distributor ndi pampu ya petulo.

Titachotsa tappet cover tinakumana ndi phala lakuda, lolimba ngati phula. Bambowo anavomera kuti kwa zaka zingapo ankangowonjezera oyilo wogula m'mabotolo m'mbali mwa msewu, fyuluta osasintha. Timabowo ta oyilo ta m'ma rocker angapo tinali titatsekeka. Lobe ya ekizozi ya silinda nambala 3 inali itadyeka moti chala chinkamva mphako. Yatsopano imakhala pafupifupi mamilimita 42.7 kuchokera pansi kufika pansonga. Iyi inali itataya milimita yathunthu ndi kakenso. Rocker yake inali ndi ngalande.

Apa ndi pamene nkhani ya phokoso inamveka. Chitsulo chikayamba kudyeka, chikopa cholimba chapamwamba chikatha, chotsalacho chimatha msanga, ndipo mpata umatseguka tsiku ndi tsiku. Amene ankakonza kale, malo amene sindiwatchula, ankangomanga sikuluwu mpaka phokoso litasiya. Tsiku lina anamanga mopitirira, valavu inasiya kukhala bwino pa mpando wake. Valavu ya ekizozi imazizira pokhudza mpando umenewo. Ikapanda kukhudza, moto umadutsa m'mbali n'kuyiwotcha. Titachotsa hedi tinayipeza yotero, m'mphepete mwake mutang'ambika. Compression ya 8 ija inachokera pamenepo.

Chinanso chimene chimapusitsa anthu ambiri: nsonga za mavalavu angapo zinali zitakumbika kachidzenje chifukwa chomenyedwa ndi sikuluwu. Feeler gauge, kachitsulo kopyapyala koyezera mpata wa valavu, ndi yafulati, imadutsa pamwamba pa kadzenjeko osalowamo. Iwe ukuwerenga mamilimita 0.20, pamene mpata weniweni ndi wokulirapo. Ungachune kakhumi, phokoso silingathe.

Kumaso, guide ya pulasitiki imene tcheni chimatsetserekapo inali itathyoka, zidutswa zake tinazitola mu sampu. Matenda amenewa ndi odziwika pa 22R za tcheni cha mzere umodzi. Tcheni chikamasuka chimapala timing cover, kava yophimba tchenicho, ndipo kuseri kwa pamene chimapalapo kumadutsa madzi a injini. Chikabowola, madzi ndi oyilo zimasakanikirana. Apa chinali chitasiya mizere iwiri yakuya koma chisanabowole. Kava imeneyo sitinayibwezeremo.

Chifukwa chimene ndinakanira camshaft ya madigiri 290

Ndinakhala pansi ndi mnyamatayo, chifukwa funso lake silinali lopanda nzeru. Camshaft ndi imene imalamula kuti valavu itseguke liti, itseguke kwambiri bwanji, ndipo ikhale chitsegukire kwa nthawi yotalika bwanji. Nambala ija ya 290 ndi kutalika kwa nthawiyo, kuwerengedwa m'madigiri a crankshaft. Ikakhala yaikulu, valavu yolowetsa mpweya imachedwa kutseka. Pisitoni imakhala itayamba kale kukwera valavu ikadali yotsegula. Injini ikamazungulira maulendo 5,000 kapena 6,000 pa mphindi, mpweya umabwera ndi liwiro, umapitiriza kudzaza silinda ngakhale pisitoni ikukwera, ndipo mphamvu imachuluka zoona. Koma pa 2,000 kapena 2,500, pamene Hilux yodzaza mpunga imakhala pa Khwekhwerere, mpweya ulibe liwiro limenelo. Pisitoni imaubweza kumene wachokera. Chotsala m'silinda n'chochepa, ndipo galimoto imafooka pa malo enieniwo amene mwini wake akudandaula.

Kumtunda vutoli limakula. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse ikakwera mamita 300, chifukwa mpweya umapepuka. Ku Dedza yataya kale gawo looneka isanayambe n'komwe ntchito. Kuyiwonjezera camshaft yotaya mpweya pa liwiro lotsika n'kuyilanda kawiri.

Chimene chinamugwira mtima mnyamatayo ndi nkhani ya mabuleki. Camshaft yotalika imasiya mavalavu onse awiri, yolowetsa mpweya ndi ya ekizozi, ali otsegula limodzi kwa nthawi yaitali, ndipo vacuum, mphamvu yoyamwa ya mu paipi yolowetsa mpweya (manifold), imatsika injini ikamalira payokha. Booster ya mabuleki, imene imapepuza pedulo, pa galimoto ya petulo imadalira vacuum imeneyo. Ndinamufunsa kuti aganize ali pakona, kachewere ali kumbuyo, waponda buleki katatu motsatizana, kachinayi pedulo yalimba ngati mwala. Anakhala chete. Kabureta nayo imafuna vacuum kuti ikoke petulo bwino, ndiye pamwamba pa zonsezi pakanabwera kuzima pa maloboti ndi kumwa mafuta.

Chenjezo kwa anzanga amene mumayitanitsa zinthuzi: ogulitsa salemba nambala mofanana. Ena amawerenga madigiri valavu ikangoyamba kusuntha, ena amayambira pamene yatseguka 0.050 inchi, amene ndi mamilimita 1.27. Camshaft imodzi yomweyo ikhoza kukhala ndi manambala awiri osiyana ndi madigiri 40 kapena kuposa. Musayerekeze ziwiri musanafunse kuti anayezera pati.

Tinasankha yofatsa, ya m'gulu la madigiri 260 pa kawerengedwe koyamba kaja, yotsegula valavu mokulirapo pang'ono kuposa ya ku fakitale. Ndinaumirira kuti ikhale yatsopano, osati yakale yosemedwanso. Posema camshaft yakale amadya kumsana kwa lobe kuti nsonga ioneke yotalika. Kumsanako kukachepa, rocker imapendekeka, sikuluwu imatuluka kwambiri ndipo imaponda m'mbali mwa valavu m'malo mwa pakati. Zimakonzeka ndi timakapu ta pansonga, koma kwa galimoto yogwira ntchito kutali ndi galaja sindinafune zowonjezera zimenezo.

Katundu tinayitanitsa ku Johannesburg, anabwera pa basi. Phukusi loyamba linali ndi tcheni cholakwika. Buloko ya 22R inafupikitsidwa kuyambira 1985, choncho zakale zimadya tcheni cha malinki 98 pamene zatsopanozi ndi 96. Ife anatitumizira cha 98. Mlungu wathunthu unapita tikudikira. Werengani malinki musanatsegule pulasitiki.

Ntchito ya pa hedi

Bambowo anandiuza kuti hediyi inapalidwa kawiri m'mbuyomu injini itabwata. Pansi pake panali powongoka, mkati mwa malire a 0.15 mm amene buku limalola. Koma hedi ya aluminium ikapindika ndi kutentha imapindika yonse. Wopala amawongola pansi pokha, pamwamba pamene pamagona camshaft pamatsala chipindikire. Ndiye tisanachite china chilichonse tinagoneka camshaft yatsopano m'malo mwake, mavalavu kulibe, tinathira oyilo, tinamanga makapu pa 20 Nm, n'kuyizungulitsa ndi zala. Inazungulira bwino popanda pogwira. Ikanakana, hedi imeneyo ikanapita kukawongoledwa kapena tikanafuna ina, chifukwa camshaft yokakamizidwa imadya hedi ndipo pamapeto pake imathyoka.

Ma guide, timapaipi timene valavu imayendamo, a ku ekizozi anali atadutsa malire a 0.10 mm, valavu ikugwedezeka mukayigwira. Tinasintha onse 8 pamodzi ndi ma seal ake, amene anali atauma n'kumaphwanyika m'manja. Utsi wa m'mawa unkachokera apa: oyilo amatsikira m'silinda usiku, ndipo potsetsereka phiri phazi lili kunja kwa mafuta, vacuum yamphamvu imamukoka. Mavalavu a ekizozi tinaika atsopano onse anayi, olowetsa mpweya tinasintha awiri a nsonga zokumbika kwambiri, enawo tinangowongola nsonga. Mipando inadulidwanso ku machine shop, ife n'kugirayinda pang'ono ndi phala mpaka mzere wotuwa utazungulira wonse. Kenaka tinatembenuza hedi, tinadzaza parafini m'mabowo, n'kudikira. Palibe inadontha.

Masipuling'i ndi pamene anthu amalakwitsa mbali zonse ziwiri. Akale otopa amalephera kubweza valavu msanga. Olimba kwambiri, aja a mpikisano, amapondereza rocker pa lobe n'kudya camshaft yatsopano m'masiku ochepa. Tinatenga amene wopanga camshaft anatchula pa khadi lake. Pa valavu iliyonse tinazungulitsa mpaka yatseguka kotheratu n'kuona zinthu ziwiri: kuti pakati pa mawaya a sipuling'i patsale mpata, pafupifupi mamilimita 1.5 onse pamodzi, ndiponso kuti retainer, kambale kogwira sipuling'i pamwamba, isagunde seal.

Ma rocker tinasintha onse, ndi mashafti ake. Bambowo anafunsa ngati sitingapulumutse asanu amene ankaoneka abwino, poti ndalama inali itapita kale yambiri. Ndinawamvetsa, koma ndinakana. Rocker yakale inazolowerana ndi lobe yakale, nkhope yake inatenga maonekedwe a mnzakeyo. Mukayiika pa lobe yatsopano imakhudza pamalo ochepa, kulemera konse kumagwera pamenepo, ndipo chikopa cholimba chija chimang'ambika. Ndaonapo camshaft yatsopano itatha mwezi usanakwane chifukwa cha zimenezi. Titamanga, tinapaka inki ya maka pansonga za mavalavu ndi pa ma lobe, tinazungulitsa kangapo, n'kuona pamene inki yafufutika. Mizere yonse inali pakati.

Poti hedi inali itapalidwa kawiri ndipo valavu tsopano ikutsika mozamirapo, tinayezanso mpata wa valavu ndi pisitoni. Tinaika dongo loseweretsa ana pamwamba pa pisitoni, tinamanga hedi ndi gasiketi yakale, tinazungulitsa kawiri ndi sipanala pang'onopang'ono, n'kudula dongolo ndi lezala. Lamulo limene ndimatsata ndi mamilimita 2 kolowera mpweya ndi 2.5 ku ekizozi. Tinali pamwamba pa zonse ziwiri.

Kumanga ndi kuyeza madigiri

Mabawuti 10 a hedi pa 22R ndi omwewo amene amagwira ma rocker. Mabowo ake mu buloko tinawaumitsa ndi mpweya, chifukwa oyilo akatsalira pansi bawuti imalimba pa oyiloyo, sipanala imalira, koma gasiketi sinapanikizike. Tinamanga kuyambira pakati kupita kunja, maulendo atatu, mpaka 78 Nm. Pali kabawuti kena kakang'ono kumaso, pansi pa giya ya camshaft, kamene kamalowa mu timing cover ndipo kamabisala m'dziwe la oyilo. Pochotsa hedi ambiri amakaiwala n'kuthyola kava. Pomanga amakaiwala n'kudabwa oyilo akuchucha.

Madontho a pa tcheni ndi pa magiya anagwirizana bwinobwino. Ambiri amaimira pomwepo. Ine sindinaime, chifukwa cha kupalidwa kwa hedi kuja. Hedi ikatsika, camshaft imayandikira crankshaft, tcheni chimatsala ndi kautali kowonjezera, tensioner, chokungira tcheni, imakameza mbali yake, ndipo camshaft imatsalira m'mbuyo. Giya ya camshaft ili ndi mano 36 ndipo linki iliyonse ndi mamilimita 9.5, kutanthauza kuti milimita imodzi yochotsedwa pa hedi imachedwetsa camshaft ndi madigiri pafupifupi 2 a crankshaft. Tcheni chakale chotambasuka chimawonjezera pamenepo. Kudumphitsa dzino sikungathandize, chifukwa dzino limodzi ndi madigiri 20.

Tinapeza malo enieni amene pisitoni yoyamba imafika pamwamba pogwiritsa ntchito chotsekera cholowa pabowo la pulagi, tinamangirira degree wheel, mbale yolembedwa madigiri, pa pulley, ndipo dial gauge, geji yoyezera kusuntha, tinayiimika pa retainer ya valavu yolowetsa mpweya. Poyerekeza ndi khadi, camshaft inali m'mbuyo ndi madigiri 3. N'zochepa pomva, koma kuchedwa kumeneko kumachotsa mphamvu ya pa liwiro lotsika, yomweyo imene tinagulira camshaft. Tinaika giya yochunika, tinabweza madigiri atatuwo, n'kupitirizanso awiri kutsogolo kuti valavu izitseka msanga. Kupititsa patsogolo kumayandikizitsa valavu yolowetsa mpweya kwa pisitoni, choncho tinayezanso mpata uja. Unali wokwanira. Mabawuti a giyayo tinawapaka mankhwala ogwira ulusi.

Kuliza koyamba

Mphindi 20 zoyamba ndi zimene zimasankha moyo wa camshaft ya mtundu uwu. Ma lobe ndi ma rocker tinawapaka phala limene linabwera nayo. Oyilo tinathira 15W-40 wa injini za dizilo, amene nthawi zambiri amakhala ndi zinc wochulukirapo woteteza zitsulo zokhuzana. Tinazungulitsa ndi sitata mapulagi kulibe mpaka nyali ya oyilo itazima, tinadzaza kabureta ndi petulo, tinaonetsetsa kuti distributor yalowa pa dzino lake, kuti ikangogunda ilire. Kuzungulitsa nthawi yaitali ndi sitata kumapukuta phala lija oyilo asanafike. Inalira ulendo woyamba. Nthawi yomweyo tinayikweza pakati pa 2,000 ndi 2,500, tikusinthasintha pang'ono, mnyamata wanga wa pagalaja ali ndi diso pa geji ya kutentha. Sitinayilole kulira payokha mpaka nthawi itakwana. Kenaka tinataya oyiloyo ndi fyuluta, n'kuchuna mavalavu injini ikadali yotentha. Toyota imati 0.20 mm kolowera mpweya ndi 0.30 mm ku ekizozi, ndipo khadi la camshaft yathu linagwirizana nazo. Likanasiyana, ndikanatsata khadi.

Mu Lilongwe inayenda bwino, ndipo tinayipereka. Patatha masiku anayi mnyamatayo anaimba ali ku Golomoti. Ikadzaza, poyamba kukwera, injini inkalira ngati muli timisomali. Ndinamuuza atsike giya, asayikakamize, abwere nayo. Chifukwa chake chinali chomveka. Hedi yopalidwa inakweza compression, mavalavu tsopano akutseka bwino, camshaft yapita patsogolo, ndiye kumunsi kunyanja mpweya ndi wolemera ndi wotentha kuposa wa ku Lilongwe kumene tinachunira moto. Zonsezi pamodzi zinapangitsa petulo kuphulika nthawi isanakwane. Titatsegula distributor tinapezanso kasipuling'i kamodzi ka zolemera za advance, zopititsa moto patsogolo, katatambasuka, moto ukuthamangira kutsogolo msanga. Tinasintha kasipuling'iko, tinabweza moto madigiri awiri, ndipo ulendo uno ndinapita nawo ndekha kukayesa pa phiri lomwelo ndi katundu weniweni. Kulirako kunatha. Mapulagi titawachotsa pamwamba pa phiri anali ofiirira bwino, choncho majeti a kabureta sitinawakhudze.

Inakwera pa giya thu malo onse amene inkalowa wani, ndipo m'malo ena owongoka inalandira fili. Ndinene zoona pa chinthu chimodzi: gawo lalikulu la mphamvu imeneyi si la camshaft. Ndi mphamvu imene injini inali itataya chifukwa cha valavu yopsa, lobe yodyeka ndi tcheni chomasuka. Camshaft yatsopano inawonjezera kukoka kwa pakati, kumene woyendetsa amakumva akamatuluka pakona osasintha giya. Tikanaika ya ku fakitale ndi ntchito yonseyi, bambowo akanakhutirabe, ndipo kwa munthu wa ndalama zochepa ndingalangize zimenezo popanda manyazi.

Itayenda makilomita 1,000 anabwera nayo monga tinapanganirana. Mavalavu awiri anali atatseguka pang'ono, enawo ali pomwe tinawasiya. Ma lobe onse anali osalala, opanda mzere. Compression inali pakati pa 11 ndi 11.5 m'masilinda onse anayi, ndipo titathira oyilo inakwera pang'ono, kusonyeza kuti maring'i ayamba kutopa ngakhale adakali ndi ulendo. Utsi wa m'mawa unatha. Ndinawalembera pa kope lawo kuti oyilo ndi fyuluta azisintha pa makilomita 5,000 aliwonse, oyilo wa m'chigubu chomata, ndipo lediyeta, imene mizere yake ingapo ndi yotsekeka, abwere nayo isanafike nyengo yotentha ya Okutobala, chifukwa hedi iyi singapalidwenso kachitatu.